MTENGO WOKHALA M'MADZI A MCERE

Musanawerenge mau athu, yambani mwatsegula Buku Lopatulika pa Yohane 17, ndime 14 kufikira 18, pamene Ambuye wathu Yesu apempherera ophunzira ace usiku wotsiriza asanapacikidwe. Mukawerenga modekha mudzazindikira kuti sanawapemphere phanga lobisalamo kutali ndi anthu. Anadziwa kuti adzayenda m'misika ndi m'madoko, pakati pa anthu osamdziwa Mulungu, ndipo anapempha Atate kuti awasunge komweko.

Pemphero limeneli litikhudza ife makolo masiku ano. Palibe mudzi umene ulibe mwana wace ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Tete kapena ku Joni. Tigulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya ulendo, timperekeza kumseu, ndipo galimoto ikacoka tibwerera kunyumba mitima iri m'mwamba. Ena abwerako ali Akristu monga anapitira. Ena abwerako atataya zonse, Sabata osalidziwanso, mkazi wa ukwati wao atamsiya. Ena sabwerako konse, asanduka machona, ndipo maina ao afafanizidwa m'buku la mpingo. Pamenepo mai wokalamba atiimika pakhomo pa chalichi, nafunsa kuti, Aphunzitsi, kodi kumeneko munthu angathe kukhala Mkristu? Funso limeneli tafunsidwa kawirikawiri, ndipo yankho lace lomveka tinakaliona kumene sitinaliyembekeze, m'matope a ku gombe la nyanja ya mcere.

Mpingo unatituma ife atatu m'mwezi wa Novembala kukaceza ndi abale a ku Mozambique. Tinaoloka malire pa Muloza, tinapyola Milange ndi Mocuba, ndipo tinafika ku Quelimane, mudzi wozingidwa ndi minda ya kokonati, womangidwa pa mtsinje umene Vasco da Gama anaucha Bons Sinais m'caka ca 1498, ndiko kunena zizindikiro zabwino. Ndi komweko kumene David Livingstone anafika m'caka ca 1856, atadutsa Africa kucokera ku Luanda. Ca kumwera kwace kuli matsiriro a Zambezi, kumene madzi a Shire wathu atsiriza ulendo wao, ndi kumene ngalawa ya Ilala inalowera m'caka ca 1875 ndi amishoni a Livingstonia. Nchito ya mpingo itatha, mkuru wina wa kumeneko, ndiye msodzi, anati, Simungabwerere kwanu osaona nyanja. Anatitenga m'bwato mwace kutsika ndi mtsinje, ndipo mbale wa ku Milange anatimasulira mau ace.

Ife a kuno tikamva za nyanja tiganiza za nyanja yathu ya Malawi, imene madzi ace timwa ndi kuthirira nao mbeu. Ya kumeneko ndi ina. Tinalawa madzi ace ndi kulabvula msanga, pakuti m'lita imodzi muli mcere wonga magalamu 35. Munthu akamwa ludzu lace lingokula, ndipo cimanga cikathiriridwa nao cifota ndi kufa. Cinanso, madziwo sakhala malo amodzi. Kawiri pa usana ndi usiku adzala, nakwera kuposa msinkhu wa munthu, ndipo kawiri aphwa, nasiya dambo lalikuru la matope ndi mcenga. Mwezi ndiwo uwakoka, dzuwa nalo lithandizako. Cifukwa cace nthawi ya kudzala icedwerako tsiku ndi tsiku monga mphindi 50, ndipo madzi akwera koposa pa nyengo ya kukhala kwa mwezi ndi pamene uli wathunthu.

Tinafika madzi ataphwa, ndipo poyamba matopewo anaoneka ngati opanda kanthu. Msodzi anatiuza kuti tikhale pansi cete, ndipo tinakumbuka mwambi wa makolo wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Posacedwa matope onse anayamba kuyenda. Munaturuka nkhanu zazing'ono zosawerengeka. Zazimuna ziri ndi dzanja limodzi lopanira lalikuru pafupifupi ngati thupi lomwe, ndipo ziliweyula m'mwamba monga munthu wokodola mnzace. Tinaona nsomba zotalika ngati cala, maso pamwamba pa mutu monga a cule, zikuyenda pamtunda ndi zipsepse zao ndi kukwera pa mizu. Zipuma ndi khungu lao lonyowa, cifukwa cace zigubuduka m'zithaphwi kawirikawiri kuti zisaume. Panali akakowa oyera onga a kwathu, ndi mbalame zina za milomo yaitali yopindikira pansi, zimene ziswana ku mpoto kwa Russia ndi kufika pa gombe limenelo nyengo ya mvula yathu. Pa mcenga wa kumtunda panayanga comera ca mtundu wa mbatata, masamba ace onga ciboda ca mbuzi. Ndico cigwira mcenga kuti mphepo isauuluze.

Madzi atayamba kubwerera, nkhanu iri yonse inalowa m'una mwace, nitseka pakhomo ndi thope, kuti ikhale m'menemo ndi mpweya wace kufikira ataphwanso. Ife osadziwa tinali titasiya nsapato zathu pa mcenga wouma. Msodzi uja anaseka, nazinyamula, nakazipacika pa nthambi, ndipo atapita maora atatu pamene tinazisiya panali madzi ofika m'ciuno. Koma madziwo anafika pa mzere wa zinyalala za dzulo, naima, nabwerera. Ndipo tinakumbuka Yobu 38 ndi Yeremiya 5, kumene tiphunzira kuti malire a nyanja anawaika ndi Mulungu.

Cimene cinatizizwitsa koposa zonse ndi mitengo. M'mbali monse mwa mtsinje kufikira kunyanja muli nkhalango yobiriwira, yoima m'madzi a mcere omwewo. Aswahili aicha mikoko, Angerezi aicha mangrove. Madzi akadzala imira kufikira m'nthambi. Akaphwa itsala m'thope lakuda lonunkha ngati dzira lobvunda. Mango, nthoci kapena mbawa sizingakhale pamenepo. Wina angati, Kodi Ambuye sanafanizira ophunzira ace ndi mcere? Inde, ndipo mcere wa m'ndiwo ngwabwino. Pano tinena za madzi ooneka ngati akumwa, amene aonjeza ludzu ndi kuumitsa muzu. Zotero ndizo zokondweretsa za dziko lino zimene ana athu akazipeza kumene apita. Tsono mtengo uwu ukhala bwanji wamoyo pamene yonse ifa? Taphunzira zinthu zinai.

Coyamba ciri ku muzu. Mtundu umodzi, umene ophunzira za zomera aucha Rhizophora, uima pa mizu yocokera ku thunthu, yopindikira pansi ngati miyendo ya kangaude. Mizu yace isefa madzi monga sefa alola ufa kupyola natsekera misere. Itenga madzi, nisiya kunja mcere woposa magawo 9 mwa magawo 10. Mtengowo suthawa nyanja. Umwa m'menemo tsiku ndi tsiku, koma usankha colowa. Momwemo anacita Danieli. Anatengedwa kunka ku Babulo ali mnyamata, anaphunzira zilembo ndi cinenero ca Akasidi, anatumikira mafumu acilendo kufikira ukalamba, ngakhale dzina lacilendo anampatsa. Koma pa cakudya ca mfumu anakana, pakuti anatsimikiza mumtima kale. Mwana wathu ali kucilendo alandire malipiro ace, aphunzire luso ndi cinenero ca eni dziko, awalemekeze. Zimenezi ndiwo madzi. Ciphuphu, kacasu wa pa Loweruka, juga ndi mkazi wa mwini, zimenezi ndiwo mcere. Ndipo zindikirani kuti kukanako kucitika ku muzu, pansi pa thope, kumene palibe munthu aona. Amene ayembekeza kuti adzaganiza za cimo pamene lafika kale pamaso pace, wacedwa.

Caciwiri ciri ku tsamba. Mtundu wina, wochedwa Avicennia, mcere wina uulowa ndithu. Koma Mlengi anaika pa masamba ace poturutsira. Mcere uturuka pamenepo, nuuma ndi dzuwa, ndipo tsamba lioneka mbuu kufikira mvula italitsuka. Tinathyola tsamba limodzi ndi kulinyambita, ndipo linali lowawa mcere. Mtengo umenewu ukhala wamoyo cifukwa susunga m'kati cimene cingauphe. Abale, palibe Mkristu amene cimo silinamlowe. Usiku umodzi womwewo anagwa awiri, Petro ndi Yudase. Petro analira, nabwerera kwa Ambuye wace, ndipo anamlandira pa gombe la Tiberiya. Yudase anapita nalo cimo lace kwa ansembe akuru, amene sanathe kumcotsera, ndipo linamupha. Ambiri mwa ana athu sanaleke mpingo cifukwa ca kusakhulupirira. Anagwa kamodzi, nacita manyazi, nabisa, ndipo mcere unakhala m'kati. Awerenge 1 Yohane 1, kumene alonjezedwa cikhululukiro onse akuulula. Ndipo ife akuru a mpingo tiyang'anire kuti wobwera kudzaulula asapeze nkhope zathu zouma kuposa za Ambuye wathu.

Cacitatu ndi kupuma. Thope lija liribe mpweya, ndipo muzu wokwiririka m'menemo ukadabanika. Cifukwa cace Avicennia uturutsa mizu yaing'ono yoongoka ngati mapensulo, yoloza kumwamba, mazanamazana kuzinga mtengo umodzi, kotero kuti munthu asowa poponda. Iri ndi mabowo ang'onoang'ono. Madzi akaphwa ikoka mpweya, niutsitsira ku mizu ya pansi, ndipo ndi mpweya umenewo mtengo upirira nthawi ya kumira. Mcenga kapena mafuta otayika m'ngalawa zikakwirira mizu imeneyi, mtengo ufa ciriri, ngakhale palibe anautema. Danieli yemwe uja anali nazo nthawi zitatu za kupemphera tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la mfumu Dariyo silinamletse. Tidziwa kuti mlonda wa usiku ndi mtsikana wa nchito ya m'nyumba alibe nthawi yambiri. Mtengo nao ulibe tsiku lonse, koma nthawi imene madzi aupatsa suitaya. Akristu ambiri a kucilendo sanagwe ndi nkhwangwa ya cizunzo. Anakwiririka pang'onopang'ono: lero kutopa, mawa nchito ya pa Sabata, mkuja lamya ya m'manja kufikira pakati pa usiku, mpaka anadzuka tsiku lina osakhozanso kupemphera.

Cacinai ndico cacikuru, ndipo ncanu inu makolo. Mbeu ya cimanga igwa pansi iri m'tulo, nidikira mvula. Mbeu yotere ikagwa m'madzi a mcere singakhale. Cotero Rhizophora sutaya mbeu yogona. Mbeu yace imera iri cilendewere pa nthambi ya mace, niyamwa kwa mace miyezi yambiri, nikula kukhala ngati mkondo wobiriwira wotalika monga kucokera pa cigongono kufikira ku zala, wolemera ku nsonga ya pansi. Tinaziona zirikulendewera pamwamba pa bwato ngati zitheba zazitali. Ikakhwima ithothoka. Ikagwa madzi ataphwa, ikhoza kuzikika m'thope pafupi ndi mace; ikagwa madzi atadzala, iyandama ndi kupita nao kutali, iri naye kale kamba wace wa paulendo m'thupi mwace. Ikakhudza thope la gombe lina, iturutsa mizu msanga, nigwira. Taonani nzeru ya Mlengi: pakuti mwanayo adzagwera pa malo oopsa, amera asanacoke.

Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Mose anayamwa kwa mai wace weniweni asanalowe m'nyumba ya mwana wamkazi wa Farao, ndipo atakula m'cuma ca Aigupto anadziwabe anthu ace. Paulo polembera Timoteo anakumbukira cikhulupiriro ca agogo ace Loisi ndi amai ace Yunike, cimene cinayamba m'nyumba mtumwi asanafike. Nanga ife? Tilipira sukulu, tisokera mwana yunifolomu, tisunga mbuzi ya ulendo, ndipo ticita bwino. Koma kodi mwanayo anamvapo atate wace akupemphera m'nyumba? Za moyo wace tasiyira mphunzitsi wa Sande sukulu, ora limodzi pa sabata, ndipo tidabwa kuti caka cimodzi ca m'tauni cafafaniza zonse. Mlimi wa fodya sacita cotero. Afesa pa nazale, athirira m'mawa ndi madzulo, ndipo masiku a kuokera akayandikira acepetsa madzi kuti mbande zilimbe zisanapite kumunda. Citani momwemo ndi ana anu. Madzulo mutatha kudya werengani ndime zowerengeka, ndipo mwana wodziwa kuwerenga awerengere agogo ace. Aphunzire kupemphera ndi mau a iye yekha. Akasinkhuka muuzeni poyera za mowa, za dama ndi za ndalama zacinyengo, asayambe kuzimva kwa amene azigulitsa. Koposa zonse aone kuti atate wace sanama pa muyeso pogulitsa mtedza, ndi kuti amai ace sapita kwa woombeza usiku mwana akadwala. Ndipo tsiku la ulendo, pamodzi ndi ufa ndi nkhuku yoocha, mumpatse kalata yace ya mpingo.

Tidziwa kuti alipo makolo amene anacita zonsezi mokhulupirika, koma mwana wao ali kutali zaka zambiri, osatuma mau. Kwa inu tinena ici. Mbeu ija ikhoza kuyandama masabata ambiri, ngakhale miyezi, iri yamoyo. Poyamba igona cammbali pamadzi, ndipo woiona angati ndi kamtengo kakufa. Pambuyo pace iimirira, nsonga yace pansi, kufikira ipeza pogwira. Sitinena kuti zonse zifika. Zina zidyedwa ndi nkhanu, zina zitayika m'nyanja yaikuru, ndipo sitingakulonjezeni cimene adziwa Mulungu yekha. Koma kumbukirani mwana wolowerera wa pa Luka 15: cimene cinamdzutsa pakati pa nkhumba ndi nyumba ya atate wace, imene anaidziwa asanacoke. Cimene munabzala ciripo. Musaleke kumchula dzina pamaso pa Mulungu.

Pobwerera msodzi anationetsa cinthu cina. Mitengo iyi siima umodziumodzi. Mizu yace yolukana igwira thope, ifooketsa mafunde, ndipo pakati pace ana a nsomba abisala kufikira atakula. Anatipitikitsa pa malo amene anthu anadula mitengo yonse kuocha makala ndi kufuna nsici ndi mapaso. Pamenepo gombe linali litagumuka, ndipo anati madzi a mcere afika tsopano m'minda ya mpunga. Anatikumbutsa za namondwe wa Freddy, amene anakwera pamtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Marichi 2023, yemwe uja mvula yace inagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, nipha abale athu mazanamazana. Mphepo ndi mvula mitengo singaziletse, koma mafunde iwathyola mphamvu, ndipo cifukwa cace anthu a kumeneko ayamba kuibzalanso. Ifenso tisaiwale mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yathu. Tsono inu ana athu a kucilendo, ngati tsamba ili likufikani, musaime nokha. Funani mpingo wa kumene muli, ngakhale nyimbo zace ziri m'cinenero cina. Ndipo inu amene mwazika kale mizu kumeneko, landirani wobwera kumene, abisale pakati panu kufikira atalimba.

Cotero kwa mai uja wofunsa pakhomo pa chalichi tiyankha kuti, Inde, amai, angathe. Iye amene anameretsa mtengo m'madzi a mcere akhoza kusunga mwana wanu ku Joni, ndipo Mwana wace anampempherera kale. Koma mbeuyo imere iri pa nthambi. Mwezi uno, musanaonenso tsamba lina, banja liri lonse liyambe pemphero la madzulo ngati linaleka, ndipo mpingo uli wonse ulembe maina a ana ace ali kutali, uwachule pa Sabata, ndi kuwatumizira mau.

Tipemphere. Atate wa Kumwamba, Inu amene munaikira nyanja malire ndi kudyetsa nkhanu ya m'thope, yang'anirani ana athu kumene madzi awatengera. Apatseni mtima wokana coipa, pakamwa poulula cimo, ndi nthawi ya kupuma pamaso panu. Tikhululukireni ife makolo pamene tinawalola kucoka asanamere, ndipo tithandizeni ndi iwo amene tiri nao m'nyumba lero. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.